Chaka Chimene Amuna Anga Ankalavula Magazi

Ine ndinakulira ku Kasungu, kumene dziko ndi lathyathyathya ndipo mlendo umamuona akadali kutali. Mitengo yakwathu ndi yotalikirana, dzuwa limafika mpaka pansi. Ndiye boma litatumiza amuna anga kukaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale kumtunda kwa Nsambe, ku Neno, ndinaona ngati andisamutsira kudziko lina. Tinakwera lole yonyamula feteleza, ndipo njira yonse ndinali nditatsinzina chifukwa cha maphompho a m'mbali mwa msewu. Zinali zaka zija za chipani chimodzi, munthu osalowa mumsika ngati alibe khadi. Tinali tisanathe chaka m'banja, ndipo ine ndinali ndi pakati poyamba.

Nyumba ya aphunzitsi inali pamtunda. Kumunsi kwake kunali khwawa lakuya, lodzaza mitengo italiitali yomwe sinkayoyola masamba ngakhale m'chilimwe. Kutsidya kwa khwawalo kunkakhala mayi wina wamasiye, wa zaka za m'ma folote, amene ankaweta mbuzi ndi ng'ombe ziwiri. Ankanunkhiza fodya wa mphuno, ndipo kabotolo kake ankamangirira pansonga ya chitenje. Ine ndinkangowatchula kuti amayi a kutsidya, iwo ankanditi mayi aphunzitsi. Ndiwo anandionetsa kotunga madzi, kogula mbatatesi ndiponso kopeza nkhuni zouma nthawi ya dzinja.

Mu Januwale, mimba ili ndi miyezi isanu, anandiitana kuti tikazule bowa limodzi ndi amayi ena awiri. Aka kanali koyamba kulowa mkati mwenimweni mwa khwawa lija. Munali mdima ngati kukucha kumene, chonsecho dzuwa linali litakwera. Zilambe zinali lendelende, miyala yonse ili ndi ndere, ndipo madzi ankadontha m'masamba ngakhale mvula sinkagwa. Pena tinawoloka malo a lowe, madzi ake ozizira ofika m'mawondo, udzu ukukhudza m'miyendo. Sindinamve kalikonse. Tinazula bowa wodzaza madengu n'kuyamba kubwerera.

Tili pachitunda, mayi amene anali kumbuyo kwanga anati, "Mayi aphunzitsi, taimani kaye."

Ndinaima.

"Tayang'anani kuphazi kwanu."

Magazi ankatsika mwendo wakumanzere kuchokera mkati mwa chitenje, n'kudzaza mu nsapato yanga ya pulasitiki. Mwendo winawo chimodzimodzi. Dengu linagwa lokha, bowa n'kumwazika. Ndinakhala pansi pomwepo nditagwira mimba ndi manja onse awiri. Ndinadziwa kuti basi, ndapita padera, kuno kutali ndi amayi anga, pamwamba pa phiri popanda ngakhale njinga. Sindinalire.

Amayi a kutsidya anatula dengu lawo n'kugwada patsogolo panga.

"M'mimba mukupota?"

Ndinapukusa mutu.

"Msana?"

"Ayi."

Anauza anzathu aja kuti atchinge ndi zitenje, iwo n'kukweza changa pang'onopang'ono. Kuseri kwa bondo kunali kanthu kakuda, konenepa ngati chala, konyezimira. Tina tiwiri tinali pantchafu, kena pakatumba. Pamwamba pake panali mabala ena awiri ang'onoang'ono, kumene tina tinali titakhuta kale n'kugwa, ndipo m'menemo ndi mmene magazi ankatuluka.

"Ndi misundu iyi," anatero. "Mwana ali bwinobwino. Musakoke, ingakusiyireni chilonda."

Dzina la msundu ndinkalidziwa, koma ndinali ndisanauonepo. Chomwe chinandizunguza mutu n'chakuti tizilombo tonseti tinkandiyamwa kwa nthawi yonseyo ine osamva ngakhale kuyabwa. Amayi aja anamasula kabotolo kawo, anathira fodya pachikhatho, analavulira pang'ono n'kupaka pamutu pa uliwonse. Unkadzipinda, kenaka n'kugwa. Umodzi anauponda ndi chidendene, ndipo magazi amene anathovokawo anali anga. Mabalawo anapitiriza kuchucha mpaka madzulo, ngakhale anandimanga ndi nsanza.

Amuna anga atamva anaseka, ngakhale anaseka atandigwira dzanja. Anati tizilombo ta ku Neno tandilandira. Zinalidi choncho, chifukwa dzinja limenelo ndinaona zambiri. Linthumbu linalowa m'khola m'mawa wina n'kupha anapiye asanu ndi mmodzi, n'kusiya timafupa tokha. Ndinayanika malaya amkati pa udzu, ndipo patapita sabata pamsana panga panatuluka chithupsa chomwe amayi a kutsidya atachifinya munatuluka mphutsi yoyera, yamoyo. Nkhupakupa ndinkazipeza m'khwapa. Ndinaphunzira kusita chovala chilichonse ndi kudzifufuza thupi lonse ndikachoka kuthengo. Ndinkaganiza kuti zoopsa za malowo ndazimaliza.

Chakumapeto kwa Febuluwale kunamveka kuti kukubwera mkulu wina wa chipani kuchokera ku Boma. Tcheyamani wa nthambi ya m'deralo, bambo wamfupi wokonda jekete ngakhale kutenthe, analamula kuti amuna onse akadule nsungwi ndi milimo m'khwawa kuti amange chisakasa cha alendo. Aphunzitsi nawonso sanawasiye. Amuna anga anapita Loweruka, anabwerako madzulo mapewa atasupuka. Kuwonjezera apo, iwo ndiwo ankaphunzitsa ana nyimbo, choncho ntchito yokonzekeretsa kwaya ya tsikulo inagwera iwo.

Patapita masiku atatu anayamba kamfuno. Magazi ankatuluka mphuno yakumanzere yokha, pang'onopang'ono, kusiya, kenaka kuyambiranso. Tinati mwina ndi dzuwa. Koma sabata inatha osasiya. M'mawa akadzuka ankatsokomola n'kulavula magazi akuda, oundana, amene ankatsikira kukhosi ali mtulo. Mutu unkawawa mbali imodzi. Mawu anayamba kusasa. Mipango yawo itatu ndinkachapa kawiri patsiku, mpaka ndinang'amba pilo wakale kuti azipukutira.

"Ndikumva ngati muli chinthu," anandiuza tsiku lina, akuloza pakati pa maso. "Pena chimakhala ngati chikusuntha."

"Ndi magazi oundanawo," ndinatero.

Tinayenda wapansi kupita ku chipatala chaching'ono cha m'deralo. Adokotala ake anawaunika m'mphuno ndi tochi, koma anangoona magazi okhaokha. Anawatseka ndi thonje, anawapatsa mapiritsi owonjezera magazi, kenaka anandiitanira pambali.

"Mayi, munthu akamalavula magazi chonchi timayamba taganizira chifuwa chachikulu. Pano tilibe choyezera. Ndikulemberani kalata mupite nawo ku Boma."

Kalatayo tinalandira, koma kopita nayo kunalibe. Mvula inali itakokolola mlatho, ndipo lole inali isanakwere kumtunda kuno kwa masabata awiri. Kuyenda wapansi mpaka ku Boma amuna anga sakanatha, chifukwa ngakhale ulendo wa kuchipatalawo anapuma kanayi. Zikhatho zawo zinali zitayera mbuu. Mbiri ya chifuwa chachikulu inafika m'mudzi ife tisanafike. Akazi a aphunzitsi anzathu anasiya kudzapala moto kwathu. Amuna anga anadzipatulira okha kapu ndi mbale, n'kusamukira pamphasa pabalaza kuti asandipatsire ine ndi mwana. Amayi a kutsidya okha ndi amene ankabwerabe, atanyamula mkaka wa ng'ombe m'botolo.

Ana anakhala masiku anayi osayeserera nyimbo. Tsiku lachisanu tcheyamani anafika pakhomo. Ndinamuyalira mpando pakhonde, amuna anga n'kutuluka atagwira kansanza pamphuno.

"Muli bwanji, aphunzitsi?"

"Pang'ono, a tcheyamani," anayankha ndi mawu onong'ona.

"Ndamva kuti kwaya yaima."

"Mawu andithera."

Tcheyamani anayang'ana kumapiri. "Mawu eti. Miyezi yonseyi mawu munali nawo. Kutchalitchi mumaimba, timakumvani. Lero kukubwera alendo a chipani, mawu atha. Ine ndilibe nazo kanthu, aphunzitsi, koma akandifunsa kuti mphunzitsi wochokera kutali uja bwanji sakufuna kuti ana aimbe, ndikayankha chiyani?"

Ndinali kuseri kwa chitseko, ndikumva zonse. Masiku amenewo mawu akuti "sakufuna" ankatha kumuchotsa munthu pakhomo osadzaonekanso kwa zaka. Tonse tinkadziwa wina amene zinamuchitikira.

M'mawa mwake amuna anga anavala malaya oyera ndi tayi n'kukaimika ana pabwalo la sukulu. Ndinkaonera pawindo. Anakweza dzanja, anatsegula pakamwa kuti ayambitse nyimbo, koma chomwe chinatuluka ndi chifuwa. Atawerama, magazi anayenderera pamalaya kuyambira pakolala mpaka palamba. Ana a kutsogolo anabwerera m'mbuyo. Amuna anga anadzipukuta, anakwezanso dzanja, ana n'kuyamba kuimba okha, maso ali pa malayawo. Anaima choncho mpaka nyimbo zonse zitatu zinatha. Atafika kunyumba anagona pamphasa osavula nsapato.

Tsopano anali atadwala pafupifupi masabata atatu. Lachinayi masana, dzuwa litatuluka pang'ono, anapempha madzi oti asambe kumaso. Ndinawatengera beseni kuseri kwa nyumba. Anakhala pa kampando, anaweramira m'beseni, ine ndikuwathira madzi m'manja ndi kapu. Anasamba kamodzi, kawiri, kenaka anangokhala chowerama, maso ali chitsinzinire, madzi akudontha pankhope.

M'mphuno yakumanzere munatuluka kansonga kakuda. Ndinayesa ndi magazi oundana, ndipo ndinatambasula dzanja kuti ndiwapukute. Kansongako kanatalika. Kanapendekera kumanja, kanapendekera kumanzere, ngati kakufufuza kumene kuli madzi. Kanakhudza mlomo wawo wam'mwamba. Mthunzi wa dzanja langa utafika, kanabwerera mkati msangamsanga.

Kapu inagwa m'beseni.

"Mwatani?" anafunsa amuna anga, akutsegula maso.

Ndinkangoyang'ana mphuno yawo, mphuno yomweyo ya masiku onse, yopanda kanthu. Kwa masabata atatu ndinkagona nyumba imodzi ndi chinthu chimenecho, ndinkachapa magazi amene chinkasiya, ndinkapempherera chifuwa chomwe kunalibe.

"Mayi, mwaona chiyani?"

"Dikirani pomwepo," ndinatero.

Mmene ndinawolokera khwawa lija ndi mimba ya miyezi isanu ndi iwiri sindikumbuka. Amayi a kutsidya ndinawapeza akupalira mbatatesi. Ndinafotokoza mosokoneza, koma anandimva. Anaimika khasu.

"Aphunzitsi anamwapo madzi m'khwawa?"

"Sindikudziwa."

"Tiyeni tikawafunse."

Atawafunsa, amuna anga anavomera. Tsiku lodula nsungwi lija ludzu linawagwira, ndipo poti panalibe chomwera anagona chafufumimba pa kadziwe n'kumwa ndi pakamwa, nkhope ili m'madzi.

"Ndiye kuti unalowa uli waung'ono ngati ulusi," anatero amayi aja. "Wakulira momwemo. Ng'ombe yanga yaikazi inatero chaka china. Inkangotuluka magazi m'mphuno, n'kumaonda."

"Unalowa chiyani?" anafunsa amuna anga.

Amayi aja anandiyang'ana ine. Ndinayenera kunena ndine.

"Muli msundu m'mphuno mwanu, bambo. Ndauona."

Amuna anga anakweza dzanja kuti agwire mphuno, koma linaima m'malere, n'kulibweza pabondo. Ananyamuka kupita kuseri kwa nkhokwe, ndipo tinawamva akusanza.

Atabwerako anafuna kuti tiuchotse nthawi yomweyo, ndi waya, ndi chilichonse. Amayi aja anakana. Anati ukaukakamiza umathawira mkati, ndipo ukatsikira kukhosi ukhoza kumutsamwitsa munthu. Anati msundu umatsata madzi, choncho tiyenera kuumana madzi. Kuyambira nthawi imeneyo mpaka mawa masana amuna anga asamwe kanthu, asasambe kumaso, asadye chamsuzi.

Anamvera. Madzulo onsewo anakhala pampando, khosi lili chowongoka, akupumira pakamwa.

Mawa lake amayi aja anafika dzuwa lili pamutu. Anabweretsa kansungwi kong'alula pakati, konga mpani wa mbewa, ndi kachikho ka madzi osungunuliramo mchere ndi fodya. Anawakhazika amuna anga padzuwa kwa kanthawi mpaka thukuta linayamba. Kenaka anandipatsa mbale ya madzi ozizira a pakasupe.

"Muigwire pansi pa mphuno, madzi azingokhudza pang'ono. Musagwedezeke. Mukauona musakuwe."

Ndinagwada patsogolo pa amuna anga nditagwira mbale. Tinadikira. Manja anayamba kuwawa, mwana m'mimba akugunda. Nkhuku inadutsa. Kusukulu belu linalira, ana n'kutuluka, koma palibe anabwera kuseri kwathu.

Unatuluka. Poyamba kansonga kaja, kenaka unatalika mpaka unalowa m'madzi a m'mbale. Amayi aja anabweretsa kansungwi kaja chapambali, koma atangoti apane, unaterereka n'kubwerera. Amuna anga anabuula.

"Palibe kanthu," anatero amayi aja. "Ludzu likadali nawo. Ubweranso."

Anapaka phulusa mkati mwa kansungwi kuti kasaterere. Tinadikiranso, nthawi yotalika kuposa poyamba. Misozi inkatsika m'masaya mwa amuna anga, koma mutu sanausunthe. Utatulukanso, amayi aja anauleka kuti utalike ndithu, utambasuke m'madzimo ngati chala chonse. Kenaka anapana pafupi ndi mphuno penipeni.

Unakoka. Ndinaona ndi maso anga kansungwi kakugwedezeka m'dzanja lawo. Iwo sanalimbane nawo, anangogwira osabweza, ndi dzanja linalo n'kumadonthezera madzi a fodya aja pathupi pake. Amuna anga anandigwira paphewa mwamphamvu moti zala zawo zinasiya zipsera. Kenaka chinthucho chinaleka kugwira, n'kutuluka chonse nthawi imodzi, magazi akutsatira pambuyo.

Anauponya m'mbale ndinagwira ija. Unali wonenepa ngati chala chachikulu cha mwamuna, ndipo ukadzitambasula unkafika uku ndi uku kwa mbaleyo. Unkasambira bwinobwino. Sindinkamvetsa kuti chinthu chachikulu choncho chinkakwana bwanji m'mutu mwa munthu, iye n'kumayenda, kumaphunzitsa, kumapemphera. Ndinaika mbaleyo pansi bwinobwino. Amuna anga anauyang'ana kamodzi kokha, anapempha madzi akumwa, anamwa makapu atatu, n'kukagona.

Ine ndinkafuna kuuponya pamoto, koma amayi aja anandiletsa.

"Pezani botolo. A tcheyamani auone ndi maso awo. Mukangowauza pakamwa adzati mwapeka."

Tinauika m'botolo la madzi, ndipo iwo anapita okha kukamuitana. Tcheyamani anafika chakumadzulo, jekete ili pathupi. Ndinamupatsa botololo. Analikweza kuyang'ana kudzuwa, msundu uja n'kumata pagalasi moyang'anizana ndi nkhope yake.

"Ichi chachokera kuti?"

"M'mphuno mwa aphunzitsi," anatero amayi aja. "Ndi chimene chinadya mawu mumafuna aja. Anamwa madzi pa kadziwe ka pansi pa mkuyu, tsiku munawatuma nsungwi."

Tcheyamani anaika botolo pakhonde pang'onopang'ono. Nkhope inasintha.

"Pa mkuyu waukulu paja?"

"Pomwepo."

"Inenso ndinamwa pamenepo," anatero ndi mawu otsika. Anagwira mphuno yake, anaifinya, anayang'ana zala. "Tonse tinamwa pamenepo."

M'mawa mwake amuna asanu ndi awiri, tcheyamani ali patsogolo, anakakhala padzuwa pakhomo pa amayi a kutsidya, aliyense ataweramira mbale ya madzi. Anakhala mpaka masana. Palibe mmodzi yemwe anapezeka nawo. Za kwaya tcheyamani sanazitchulenso, ndipo anatumiza nkhuku kwathu kuti odwala amwe msuzi. Mlendo wa chipani uja sanabwere n'komwe chifukwa cha mlatho womwewo. Chisakasa chinaima mpaka chiswe chinachigwetsa.

Magazi anapitirira pang'ono tsiku limenelo ndi lotsatira, kenaka anasiyiratu. Mawu anabwerera patatha sabata. Msewu utatseguka mu Epulo tinapitabe ku Boma ndi kalata ija, ndipo atawayeza anapeza kuti m'chifuwa mulibe kanthu, kungoti magazi anali ochepa. Botolo tinapita nalo, anamwino n'kumaitanizana kudzaona. Tinawasiyira komweko.

Tinakhala ku Neno zaka zisanu ndi chimodzi. Nkhaniyi inafalikira midzi yonse ya kumtundako, ndipo anthu ankabwera kudzafunsa, koma amuna anga sankafuna kuikamba. Wina akaiyambitsa, iwo ankanyamuka kukaona nkhuku. Ine vuto langa linali lina. Kwa miyezi ingapo, amuna anga akamandilankhula, maso anga ankathawira pamphuno pawo okha, ndipo zomwe akunena sindinkazimva bwino. Ndinkayesa kuti sakuona. Tsiku lina tikudya anaika supuni pansi.

"Mayi, mulibenso kanthu muno. Muziyang'ana m'maso."

Ndinapepesa, ndipo ndinayesetsa. Zinanditengera mpaka nyengo yokolola tirigu kuti ndisiye kuwayang'ana pamphuno.